Omanga Akachoka, Ndani Amaidziwa Nyumbayo?

Pa 31 Ogasiti 2023, kutatsala masiku owerengeka kuti teremu iyambe, unduna wa zamaphunziro ku England unalamula masukulu oposa 100 kuti atseke zina mwa nyumba zawo. Chinavuta ndi konkire ina yopepuka, yodzaza timabowo ta mpweya, yotchedwa RAAC, imene omanga ankaikonda pa madenga a nyumba za boma kuyambira m'ma 1950 mpaka m'ma 1990. Konkireyi ikakalamba n'kumwa madzi imatha kugwa mosachenjeza. Denga la sukulu ina ya pulayimale ku Gravesend, m'chigawo cha Kent, linali litagwa kale mu 2018, mwamwayi sipanavulale munthu. Za kuopsa kwake, ndiye kuti ankadziwa. Chimene chinawasowa n'chakuti konkireyo ili m'masukulu ati. Mu 2022 boma linachita kutumiza mafunso kwa oyendetsa masukulu kuti akasuzumire okha kuseri kwa siling'i n'kuuza undunawo zimene aona. Dziko lolemera chonchija, lodzaza mainjiniya, linalibe poti n'kutsegula n'kuwerenga kuti nyumba zake anazifolera ndi chiyani.

Chikhalirecho, palibe nyumba yaikulu imene imamangidwa anthu osaidziwa. Wojambula mapulani amadziwa chifukwa chimene khomo lili kuno osati uko. Injiniya amadziwa katundu amene mtanda uliwonse ungasenze. Pulambala amadziwa pamene paipi yakhotera kuseri kwa pulasitala, wamagetsi naye amadziwa waya uliwonse kumene wachokera. Koma anthu amenewa amakhala pamalopo zaka ziwiri kapena zitatu basi. Riboni ikadulidwa amapakira zida zawo n'kukamanga kwina, ndipo zonse zimene ankadziwa zimapita nawo. Otsala ndi nyumbayo kwa zaka 50 kapena kuposa apo ndi anthu ena, amene sanaone nawo maziko akukumbidwa. Iwowa amalandira makiyi, makatoni a mafayilo, timabuku ta makina tina tosatsegulidwa n'komwe, ndi mapulani amene nthawi zambiri amaonetsa zimene anafuna kumanga, osati zimene anamangadi.

Mu 2004 bungwe la boma la America loona za miyezo, NIST, linawerengera ndalama zimene zimaonongeka chifukwa choti zolembedwa za nyumba sizidutsa bwino kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo. Linapeza madola 15.8 biliyoni pachaka, ndipo pafupifupi magawo awiri mwa atatu a ndalamazo ankaluza ndi eni nyumba ndi oziyendetsa. Si kuti wina ankaba. Zinkathera pa zinthu zooneka ngati zazing'ono: mmisiri kukwera makwerero kukawerenga nambala ya pampu imene inalembedwa kale penapake, kalaliki kutaipanso mndandanda umene kontrakitala anali nawo kale m'kompyuta yake, munthu kutha theka la tsiku akusakasaka pepala limodzi.

Apa ndi pamene BIM imalonjeza kuthandiza. Pa pulani ya papepala, chitseko ndi mizere ingapo ndi kauta kosonyeza mbali imene chimatsegukira. Amazindikira kuti n'chitseko ndi maso a munthu, kompyuta sidziwa kanthu. Mu BIM, chimene ndi chidule cha Building Information Modelling, nyumba yonse imayamba yamangidwa m'kompyuta chiwalo ndi chiwalo, ndipo chiwalo chilichonse chimanyamula mbiri yake. Chitseko chimadziwika kuti chili m'chipupa chakuti, pakati pa chipinda chakuti ndi chakuti, n'chamatabwa kapena chachitsulo, chingatchinge moto mphindi 30 kapena 60, ndipo anachipanga ndi akuti. Ukasuntha chipupa chitseko chimasuntha nacho, ndipo mapulani onse pamodzi ndi mndandanda wa zipangizo zimasintha zokha.

Ganizoli ndi lakale ndithu. Charles Eastman, mphunzitsi wa ku America, analilongosola mu 1975 makompyuta asanakhale ndi mphamvu zolikwaniritsa. Kampani ya Graphisoft ya ku Budapest inatulutsa ArchiCAD m'ma 1980, Revit inabwera mu 2000, ndipo Autodesk inaigula mu 2002. Omanga anaikonda njirayi pa chifukwa chooneka ndi maso: imaonetseratu pamene paipi ikuwombana ndi mtanda anthu asanathire konkire. Popeza pulogalamu iliyonse imasunga zinthu m'njira yakeyake, panabweranso IFC, njira yosungira imene si ya kampani iliyonse, yoyang'aniridwa ndi bungwe la buildingSMART, ndipo inalandiridwa kukhala muyezo wa ISO mu 2013. Bungwe loyang'anira nyumba za boma la Finland, Senate Properties, linayamba kuilamula pa ntchito zake mu 2007.

Koma zimene womanga amafuna si zimene wosamalira nyumba amafuna, ndipo nkhani yonse yagona pamenepa. Madzi akayamba kudontha kuchokera ku siling'i ya chipinda cha opaleshoni pakati pa usiku, palibe amene amafuna kuona nyumba ikuzungulira mokongola pa kompyuta. Funso limakhala lakuti: nditseke pati, ndipo ndikatseka pamenepo ndi mawodi ati akhale opanda madzi? Jenereta ikakana kulira, funso n'lakuti waranti yake idakalipo kodi, anaikonza komaliza liti, sefa yake ndi ya nambala yanji ndipo imapezeka kwa ndani. Aliyense amene anapitako kuchipatala ndi kabuku kake ka umoyo akudziwa ubwino wake: dokotala amene sanakuonepo n'kale lomwe amangotsegula masamba n'kuona zimene anzake anapeza, mankhwala amene anakupatsa, ndi amene anakuwenga. Wosamalira nyumba akufuna kabuku kotero ka pampu iliyonse, chikepe chilichonse, chitseko chilichonse chotchinga moto. Chimene BIM imaonjezapo, chimene kabati ya mafayilo singapereke, n'chakuti chilichonse chimamangiriridwa pa malo ake enieni ndi pa zinzake zimene chimagwira nazo ntchito. Chotsekera madzi ichi chili m'siling'i ya kolido yakuti, ndipo chimadyetsa mipopi iyi ndi iyi.

Munthu amene anaiona msanga mfundoyi ndi Bill East, injiniya wa ku US Army Corps of Engineers, nthambi ya asilikali a America yoona zomangamanga. Mu 2007 iye analongosola njira yotchedwa COBie, imene ukaiona koyamba ukhoza kugwa ulesi, chifukwa ndi tebulo chabe lotsegulidwa ndi Excel, lopanda chithunzi n'chimodzi chomwe. Tsamba lina ndi la nsanjika, lina la zipinda, lina la mitundu ya zipangizo, lina la chipangizo chimodzichimodzi, ena a zosinthira, a ntchito zokonza ndi a mapepala. Nzeru yake ili pa kusiyanitsa mtundu ndi chinthu. Nyumba ikakhala ndi mafani 200 a mtundu umodzi, wopanga, waranti ndi kakonzedwe zimalembedwa kamodzi kokha, ndiye fani iliyonse imangopatsidwa nambala yake, chipinda chake ndi tsiku limene inaikidwa. Nzeru ina n'njakuti tebulolo lisamadikire tsiku lomaliza. Wojambula alembe zipinda pamene akujambula, kontrakitala alembe nambala za makina pamene akuwamangirira, chifukwa nthawi imeneyo zinthuzo zili m'manja mwake ndipo kuzilemba sikumutayitsa kanthu. Ine ndimaona kuti pa zonse zimene zatuluka m'dziko la BIM, tebulo losakongolali ndi limene lili pafupi kwambiri ndi zosowa za munthu wonyamula sipanala.

Limodzi mwa maiko amene anayesa kukakamiza zimenezi ndi Britain. Mu Meyi 2011 boma linalengeza kuti pofika 2016 ntchito zomanga zolipiridwa ndi maunduna zizichitika ndi BIM ya mlingo umene ankautcha Level 2, pofuna kuchepetsa mtengo womangira ndi 20 peresenti. Imodzi mwa ntchito zoyesera inali ya pa ndende ya achinyamata ya Cookham Wood ku Kent. Kenako panatuluka malangizo okhudza nyumba imene yayamba kale kugwira ntchito, PAS 1192-3 mu 2014, amene anadzasanduka muyezo wa padziko lonse lapansi, ISO 19650-3, mu 2020. Mukachotsa chilankhulo cholemera cha m'mapepala amenewa, chotsala n'chosavuta kumva. Woyamba kulankhula akhale mwini nyumba, alembe zimene adzafune kudziwa nyumbayo ikamadzagwira ntchito, ndipo zilowe m'kontrakiti njerwa yoyamba isanaikidwe. Aneneretunso zochitika zimene zizichititsa kuti mbiriyo ikonzedwenso: makina akasinthidwa, chipinda chikagawidwa pawiri, kampani yokonza ikasintha. Panalinso ndondomeko yotchedwa Government Soft Landings, yoti ojambula ndi omanga asamangosowa tsiku lopereka makiyi koma azibwera kudzaona mmene nyumbayo ikuyendera mpaka zaka zitatu.

Olimbikitsa BIM amakonda kutchula manambala akuti 1:5:200, kutanthauza kuti pa ndalama imodzi yomangira ofesi, zisanu zimapita ku kuisamalira ndipo 200 ku ntchito yochitikira m'menemo. Manambalawa anachokera mu pepala la Royal Academy of Engineering la 1998. Mu 2004 Will Hughes wa ku yunivesite ya Reading ndi anzake anafufuza umboni wake osaupeza, ndipo kuwerengera kwawo kunapereka manambala otsika kwambiri. Komabe akale aja amatchulidwabe m'misonkhano mpaka lero. Mfundo yoti nyumba imadya ndalama zaka zambiri itamangidwa ndi yoona payokha, sifunika kuikometsera ndi masamu opanda gwero, ndipo mwini nyumba akamva wogulitsa pulogalamu akuyamba ndi manambala amenewa, agwire kaye chikwama.

Chitsanzo chimene chimatchulidwa kawirikawiri ndi Sydney Opera House ya ku Australia. Anayamba kuimanga mu 1959 n'kuitsegula mu 1973. Wojambula wake, Jørn Utzon, anasiya ntchito mu 1966 atakangana ndi boma, ndipo zam'kati anamalizitsa ndi ena motsogozedwa ndi Peter Hall. Ili ndi zipinda pafupifupi 1,000 ndi matailosi a padenga oposa miliyoni imodzi, ndipo sungaitseke mwezi wathunthu kuti ukonze chifukwa zionetsero zimachitika pafupifupi tsiku lililonse. Chapakati pa zaka za m'ma 2000, bungwe lofufuza la CRC for Construction Innovation linayesa pa nyumbayi ngati BIM ya IFC ingathandize kuisamalira, ndipo linasindikiza zimene linapeza mu 2007. Anapeza kuti n'zotheka, komanso kuti mbiri ya nyumbayo inali yomwazikana m'malo ambiri osalumikizana. Kujambula zigoba zotchuka za denga lija kunali mbali chabe ya ntchito. Mbali ina, yosaoneka pa zithunzi, inali kugwirizana kuti chipinda chilichonse ndi makina aliwonse azitchedwa dzina limodzi paliponse pamene alembedwa.

Nanga bwanji, patatha zaka zonsezi, zifanizo zambiri za BIM zimangogona m'kompyuta osatsegulidwanso omanga akachoka? Vuto loyamba ndi kuchuluka. Mwini nyumba amene sadziwa chimene akufuna amangoti mundipatse zonse, ndipo amapatsidwadi zonse: bawuti iliyonse, chitsulo chilichonse cha m'konkire, mizere zikwizikwi imene palibe adzaiwerenge. Zinthu zofunika kukonzedwa nthawi ndi nthawi zimamira m'menemo. Kenako pali kusiyana kwa zojambulidwa ndi zomangidwa. Pamalo omangira zinthu zimasintha tsiku ndi tsiku. Pampu imene injiniya anasankha yasowa pamsika, agula ina. Paipi yakumana ndi mwala, aikhotetsa. Ngati kusinthako sikunalowe m'chifanizo, ndiye kuti chifanizocho chayamba kunama nyumba isanatsegulidwe, ndipo masabata omaliza a ntchito, pamene aliyense akuthamangira tsiku lopereka makiyi, ndi nthawi imene zolembalemba zimaponyedwa kumbuyo.

Palinso nkhani ya mapulogalamu. Osamalira nyumba sagwiritsa ntchito Revit kapena ArchiCAD. Ali ndi awoawo, monga IBM Maximo, Archibus ndi Planon, olembera madandaulo, kugawa ntchito kwa amisiri ndi kukumbutsa tsiku lokonza makina. Kuti mbiri ichoke m'chifanizo n'kulowa m'menemu, maina ayenera kufanana. Wojambula akatcha chipinda G.14, kontrakitala n'kulemba Stores 2, wopachika zikwangwani n'kukhoma 014 pachitseko, kompyuta imaona zipinda zitatu. N'chifukwa chake pali ndondomeko zoikira zinthu m'magulu, monga Uniclass ku Britain ndi OmniClass ku America, koma zimathandiza pokhapokha wina akaumirira kuti onse azitsate.

Vuto lalikulu kuposa onsewa limabwera mwakachetechete. Chaka choyamba chifanizo chimakhala choona. Chaka chachiwiri ofesi ina yagawidwa ndi bolodi, wamagetsi waonjeza masoketi, makina oziziritsa mpweya awiri asinthidwa Loweruka ndi kampani yakunja, ndipo palibe walemba. Mmisiri akatsegula chifanizo n'kupeza kuti chamunamiza kawiri, sabwereranso. Amayambanso kufunsa mdala uja wakhala pamalopo zaka 20. Choopsa n'chakuti pulani yakale yachikasu, yong'ambika m'mphepete, aliyense amaikayikira, pamene chifanizo chowala cha pakompyuta chimaoneka chodalirika ngakhale chili chabodza, ndipo munthu akhoza kuboola chipupa pamene pali waya wamoto chifukwa chochikhulupirira. Kusunga chifanizo chili choona ndi ntchito ya munthu wolipidwa mwezi ndi mwezi, koma ndalama zomangira ndi ndalama zoyendetsera nyumba zimachokera m'matumba osiyana. Thumba loyamba limagula chifanizo mosaumira, pamene lachiwiri, limene nthawi zonse limakhala lopyapyala, silikhala ndi mzere wa munthu wochisamalira.

Zonsezi n'za nyumba zatsopano, pamene nyumba zambiri zimene tikugwiritsa ntchito zinamangidwa BIM kulibe. Pa zimenezi amagwiritsa ntchito makina a laser amene amayeza timadontho mamiliyoni pa zipupa ndi madenga, kenako munthu n'kusandutsa timadonthoto kukhala zipupa, zitseko ndi mapaipi. Tchalitchi cha Notre-Dame ku Paris chitapsa pa 15 Epulo 2019, miyezo imene Andrew Tallon, katswiri wa mbiri ya zomangamanga amene anamwalira mu 2018, anatenga motero inali imodzi mwa mboni za mmene nyumbayo inalili, ndipo tchalitchicho chinatsegulidwanso mu Disembala 2024. Koma laser imaona kunja kokha. Singakuuze zimene zili m'kati mwa chipupa, zaka za pampu, kapena mtundu wa konkire yobisika kuseri kwa siling'i. Masukulu aja a ku England akanawayeza onse ndi laser, funso la RAAC likanatsalabe mpaka munthu atachotsa bolodi n'kuyang'ana.

Chimene chinasintha nkhaniyi ku Britain si ndalama koma maliro. Pa 14 Juni 2017 nyumba ya nsanjika 24 ya Grenfell Tower ku London inapsa ndipo anthu 72 anafa. Moto unafalikira kudzera m'zokutira kunja zimene zinaikidwa pokonzanso nyumbayo mu 2015 ndi 2016. Lipoti loyamba la kafukufuku wa boma, la mu 2019, linapeza kuti zimene ozimitsa moto anali nazo zokhudza nyumbayo zinali zoperewera, zosaonetsa kusintha kumene kunachitika. Dame Judith Hackitt, amene anapatsidwa ntchito younikanso malamulo omangira, analemba mu 2018 kuti nyumba yotere iyenera kukhala ndi mbiri yosaduka kuyambira pa kujambula mpaka pa kukhalamo, imene anaitcha ulusi wagolide. Lamulo la Building Safety Act la 2022 linaika zimenezi pa nyumba zogonamo anthu zotalika mamita 18 kapena nsanjika zisanu ndi ziwiri kupita m'mwamba, ndipo kuyambira mu Januwale 2023 oyang'anira nyumba zoterezi ku England ayenera kupereka mapulani atsopano kwa ozimitsa moto. Lamuloli silitchula pulogalamu yoti anthu agule, ndipo silikakamiza chithunzi chozungulira. Limafuna kuti mbiriyo ikhale ya pakompyuta, yoona, yofikirika kwa oifuna, ndiponso kuti pakhale munthu wodziwika ndi dzina amene adzayankhe mlandu ikapezeka yabodza. Ndi mbali yomalizayi imene malangizo onse akale analibe.

Masiku ano ogulitsa akamba kwambiri za digital twin, chifanizo cholumikizidwa ndi masensa amene amanena nthawi yomweyo za kutentha, magetsi ndi kunjenjemera kwa makina. Pa bwalo la ndege kapena chipatala chachikulu, pamene makina akaima ola limodzi pamaonongeka zambiri, phindu lake likhoza kuoneka. Koma sensa yonena kuti pampu nambala 7 ikutentha siithandiza ngati palibe akudziwa kuti nambala 7 ndi iti. Ndiponso chifanizo chokwanira ndi mapu abwino kwa wakuba, chifukwa chimaonetsa makamera, chipinda cha maseva ndi pozimitsira magetsi. ISO 19650-5 ya 2020 inalembedwa pa chifukwa chimenechi, kuti aliyense aziona mbali yokhayo yokhudza ntchito yake.

Kwathu kuno nkhaniyi ikutikhudza pa mbali imodzi yoonekeratu. Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, yotsegulidwa mu 2010, yunivesite ya MUST ku Thyolo, ndi Bingu National Stadium, yotsegulidwa mu 2017, zinamangidwa ndi ndalama ndi makontrakitala ochokera ku China, ndipo nyumba zambiri zikuluzikulu za m'dera lino zimamangidwa m'njira yotero. Kontrakitala wa m'tauni momwemo ukhoza kumuimbira foni patatha zaka zisanu kumufunsa kumene paipi inadutsa. Wochokera kutsidya kwa nyanja akakwera ndege, zimene wasiya ndi zomwezo. Kumbali ina, ziphaso za mapulogalamu akuluakulu zimalipiridwa ndi madola chaka ndi chaka, ndipo tonse tikudziwa mmene madola akuvutira. Choncho kuyamba ndi kugula mapulogalamu n'kuyambira kumchira. Fayilo ya IFC imatseguka ndi mapulogalamu aulere, tebulo la COBie limatseguka pa kompyuta ya mu ofesi iliyonse, ndipo kachizindikiro ka QR komata pa jenereta kangathe kutsegula tsamba la jeneretayo pa foni ya mmisiri.

Chida chenicheni chimene mwini nyumba ali nacho ndi ndalama zija amagwira kaye mpaka kontrakitala atakonza zolakwika. Kontrakiti ikhoza kunena kuti gawo lina la ndalamazo silituluka mpaka mndandanda wa zipangizo utaperekedwa m'chilankhulo chimene amisiri a pamalopo amawerenga, ndiponso utayesedwa. Kayesedwe kake n'kosavuta: woyang'anira nyumbayo, osati wojambula, asankhe mwachisawawa zipangizo makumi angapo pa mndandandawo, ayende nawo m'nyumbamo, akwere makwerero, ayerekeze nambala ya pa chitsulo ndi ya pa tebulo. Zikapezeka zosiyana zambiri, mndandanda wonse ubwerere kwa kontrakitala ndege yake isananyamuke.